Kuyeza Moto wa Foni

Lolemba
Apongozi alamula: foni ituluke m'nyumba. Akuti ili ndi moto wosaoneka, ipsereza mwana m'mimba mwa akazi anga. Koma amayi anga anatsalira ku Mulanje ife pobwerera kwathu kuno kutsidya la malire nkhondo itatha, ndipo akudwala. Za iwo ndimamvera pafoni pomwepa. Ndapempha sabata imodzi, ndiuyeze motowo.

Lachiwiri
Nzeru yabwera! Foni ikatsala pang'ono kulira, wailesi imayamba kuti tititi-tititi. Ndiye kuti imaumva motowo. Pamene yalekera, motonso walekera pomwepo.
Zida: wailesi, mabatire anayi (kuno timati mapilya), mapazi anga, ndi a Zuze oyandikana nafe oti azindiimbira foni.

Lachitatu
Phazi limodzi, tititi. Atatu, tititi. Asanu, zii! Ndikulemba mzere pansi monyadira. Apongozi akuyenda mwakachetechete kuchoka khoma ili kufika khoma ilo. "Nyumba munamangayi ndi ya mapazi anayi." Izi sindinaziganizire.

Lachinayi
Ndikubwereza, mwina mapazi aja atsika. Lero foni yagwira netiweki ya ku Malawi, afika asanu ndi awiri. Anthu adzaza pabwalo ngati pali maliro. Wina wabwera ndi tochi yake kuti ndimuyezere.

Lachisanu
Ndagunditsa foni pawailesi penipeni. Zii! Ndikulengeza kuti moto watha. Apongozi akupotokola kabatani. "Nanga nyimbo nazonso zatha?" Ndi mapilya afa. A Zuze akuti chala chawo chatopa.

Loweruka
Ulendo wa panjinga kukafunsa anamwino. Aseka mpaka misozi. "Foni siipsereza mwana, bambo. Muzimuchotsa pautsi wa nkhuni mayiyo." Ndafika nawo kunyumba uthengawu ndili thukuta kamukamu. Apongozi: "Iwowo anayeza? Amene munayeza ndinu. Tonse tinaona." Akazi anga akungosenda chinangwa, sakundiyang'ana.

Lamulungu
Foni ili m'jumbo, pamtengo wa mango. Mapazi asanu ndi awiri, kuwonjezapo atatu a apongozi. Masana mvula ya mkokomo, pamalata sipakumveka kanthu. Itakata ndapeza achemwali aimba kanayi. Akuti amayi anatsitsimuka pang'ono, amafuna amve mawu anga, koma tsopano agonanso. Zandiwawa. Wondilakwira palibe, ndinayeza ndekha.
Ndatulutsa mpando ndi ambulera. Kumtengo kuno kuli linthumbu.