Ine, Buku ndi Mashini a Apongozi

Mpaka lero ndikamadutsa pa msika wa Chisokone, matelala ena amasiya kusoka n'kuyamba kukupiza nsalu m'mwamba kwinaku akufa ndi phwete. Ine ndimangoyang'ana kumbali ngati ndikufuna minibasi. Poti nkhaniyi mudzaimvabe, ndi bwino muimvere kwa ine mwiniwake.

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mbaula. Kashedi kanga kali kuseri kwa msika, ku Kitwe kuno. Chaka chija malaiti anavuta kwambiri, ndinkangokhala tsiku lonse manja ali m'thumba, makasitomala akubwera kudzakalipa n'kumapita. Apo m'pamene apongozi anga aamuna, amene anapuma ntchito ya kumigodi n'kukakhazikika ku Chipulukusu ku Ndola, anandimvera chisoni. Anandibwereka mashini awo owotcherera, a injini ya dizilo, oliza ndi handulo, akale kuposa mkazi wanga. Anati ndiwapangireko geti la pakhomo pawo, kotsalako ndidyetse ana.

"Atate ake Misozi," anatero tsiku lowakweza pa lole, "awa amafuna dizilo ndi ulemu. Musawatsegule m'mimba."

"Sindingayerekeze, atate," ndinayankha nditagwira chipewa kumanja.

Mashiniwo ankagwira ntchito bwinobwino. Izi ndikufuna zimveke. Ankatsokomola m'mawa, kenako n'kumalira tsiku lonse, ndipo makasitomala anabwerera. Vuto linali ine. Ndine munthu woti chinthu chikamayenda bwino mtima sukhala pansi (wailesi ya paukwati wathu ndinaimasula ikulankhula, mufunse amake Misozi). Ndinayamba kumva kaphokoso. Ti, ti, ti. Anzanga ankati sakumva kalikonse. Ine ndinkakamva ndikudya, ndinkakamva ngakhale pa Misa. Ndinati ayi, mashini a msinkhu uwu sangakhale opanda buku lake.

Poyamba ndinapala kachitsulo kolembapo dzina. Ndinakapala mwamphamvu ndithu, moti zilembo zochepa zimene zinatsalapo zinapita pamodzi ndi dzimbiri. Kenako ndinawajambula pa foni n'kutumiza ku gulu la pa intaneti la anthu okonda injini zakale. Azungu awiri anayamba kukangana za chaka chimene anapangidwa, wina anafunsa ngati ndikugulitsa, wina anayamikira nkhuku imene inaoneka kumbuyo kwa chithunzi. Za buku, zii.

Ndiye wina pamsika anandinong'oneza za mdala wa ku Kansenshi amene kale ankasunga katundu kumigodi, ndipo galaja yake inadzaza mabuku a makina. Ndinatseka shedi n'kukwera minibasi ya ku Ndola. Njira yonse ndinabisa nkhope kuopa kuonedwa ndi wa ku Chipulukusu. Mdalayo anandisiya pageti kwa kanthawi, galu wake akundinunkhiza mawondo, kenako anasuzumira pa foni yanga atagwira magalasi.

"Awe mukwai, awa ndikuwadziwa," anatero. Analowa m'galaja n'kutulukamo ndi buku lopanda chikuto, lonunkha mphemvu, masamba akumapeto atamatana ndi oyilo. Nditatsegula ndinaona injini yeniyeni ija, handulo yomweyo, thanki yomweyo. Ndinamugwira dzanja mdala uja ndi manja anga onse awiri.

M'mawa mwake ndinayala matumba pansi n'kuyamba kumasula. Masamba oyamba zonse zinkagwirizana, ndipo ndinkaimba. Koma nditafika pakati, buku linaonetsa chigudumu chamapiko chimene m'mashini a apongozi munalibe. Ndinafunafuna, osachipeza. M'malo moti ndikayikire buku, ndinakayikira mashini. Ndinati n'chifukwa chake pamamveka kaphokoso, anthu a kumigodi anaba chitsulo! Ndinazungulira onse ogulitsa zitsulo zakale nditanyamula tsambalo. Mmodzi anachiyang'ana n'kundifunsa ngati ndili ndi dimba. Ndinamuona ngati wamwano n'kuchokapo.

Chigudumu chitasowa, ndinaganiza zongotsatira malangizo enawo. Buku linati kabawuti kolamulira liwiro la injini kapotokoledwe chakuti, ndinakapotokola, n'kuwonjezerako pang'ono za ulemu. Pomanga, m'beseni munatsala kasipuling'i kamodzi ndi chitini chosefera mpweya chimene chinakana kulowa m'malo mwake. Ndinavundikira beseni lija ndi thumba (chinthu ukachivundikira chimasiya kukuyang'ana).

Loweruka lake apongozi onse awiri anatulukira kudzaona geti lawo. Amake Misozi anawaperekeza mpaka ku shedi. Apongozi aakazi anali atavala za kumpingo, atakulunga chitenje chatsopano cha amayi a Chikatolika pamwamba pa diresi. Inu mukudziwa mmene timakhalira ndi apongozi aakazi ife a kum'mawa kwa dziko lino: moni ndi wa patali, maso pansi. Chikwatirire ndinali ndisanawayandikirepo.

"Alizeni, timve mmene akukhalira ku Kitwe kuno," anatero apongozi aamuna atakhala pa benchi.

Ndinapukusa handulo. Mashini analira kamodzi n'kamodzi, osatsokomola n'komwe. Ndinatembenuka kuti ndilandire ulemu wanga. Koma kulira kuja sikunaime pamene kumaimira masiku onse. Kunakwera, kunakwerabe, mpaka malata a shedi anayamba kuvina. Utsi wakuda unatuluka ngati tikuwotcha matayala. Ndinakoka kachitsulo kozimitsira, ndipo kanangobwera lobodo, kopanda mphamvu. Pomwepo ndinadziwa kwawo kwa kasipuling'i kaja.

"Zimitsani!" anakuwa amake Misozi.

"Ndazimitsa kale!"

"Nanga akulira ndani?"

Mashiniwo ali ndi matayala awiri, ndipo njerwa zowatchinga ndinali nditazichotsa posesa. Ndi kunjenjemera kuja anayamba kuyenda. Anatuluka m'shedi pang'onopang'ono ngati mkulu wopita ku msonkhano, akukoka mawaya, kulunjika ku mzere wa matelala. Azimayi ogulitsa tomato ananyamula mabeseni. Anyamata oitanira maminibasi anabwera akuthamanga n'kuyamba kuimba mluzu. Ine ndinakumbatira thanki, mapazi akukhwekhwereza m'fumbi, ndikulonjeza Mulungu zinthu zimene mpaka lero sindinakwaniritse. Apongozi aamuna ankakuwa china chake, koma m'phokosomo ndinkangoona pakamwa pakutseguka.

Apongozi aakazi anaona utsi n'kuganiza kuti ndi moto. Anamasula chitenje chapamwamba chija, anathamangira mashini n'kuyamba kuwakwapula nacho. Chikwapu choyamba, chachiwiri, kenako paipi yokokera mpweya, imene ndinaisiya yosavala chitini chake, inachigwira chitenje n'kuchimeza. Fyuu! Iwo anakana kuchitaya. Anakoka, mashini nawo anakoka. Ine osaganiza ndinasiya thanki n'kugwira m'chiuno mwa apongozi kuti ndiwathandize. M'chiuno, abale. Pamaso pa Chisokone yense.

Injini itasowa mpweya inatsamwa, inagwedezeka kawiri n'kuzima. Pamenepo chitenje chinang'ambika, ndipo ine ndi apongozi tinakhala pansi limodzi m'fumbi, iwo pamiyendo panga. Kunagwa bata loti mpaka ndinamva wailesi ya m'sitolo ya kutsidya kwa msewu.

Apongozi anadzuka, anasasa diresi, n'kulankhula akuyang'ana kumwamba: "Amake Misozi, auzeni amuna anu kuti zikomo, ndafika."

Msika wonse unaphulika.

Madzulo ake tinasonkhana kunyumba. Apongozi aamuna anangopempha beseni lija, anayang'ana kasipuling'i, anayang'ana ine, n'kukaika m'thumba la jekete. Amake Misozi anatenga buku n'kuyamba kumatula masamba akumapeto ndi mpeni wa kukhitchini.

"Atate ake Misozi," anatero mofatsa, ndipo kufatsa kwawo ndimakuopa, "nanga mzungu uyu wagwira paipi bwanji? Akuwotcherera kabichi?"

Ndinasuzumira. Pachithunzi panali bambo wachipewa ataima m'munda, akumwetulira, madzi akuthovoka. Linali buku la pampu yothirira. Injini inali yofanana ndithu, koma kumbuyo kwake kunali dziko lina.

Geti ndinalimaliza malaiti atabwera. Chitenje ndinagula china, ndipo anakapereka ndi amake Misozi, poti ine ku Chipulukusu ndimafika pa mpanda pokha. Mashini anabwerera kwawo pa lole yomwe ija. Apongozi aamuna anawakonza okha ndipo akulira bwinobwino, atamangidwa ndi tcheni ku mtengo wa mango, kiyi ali m'khosi mwa apongozi aakazi.

Ndinaphunzira kuti buku uziyamba kuliwerengera kumapeto, ndipo chinthu cha eni chikamalira bwino uzichisiya chilire. Izi ndimawauza ndithu anzanga pamsika. Kungoti sabata yatha amake Misozi anagula filiji ya kaunjika, ndipo ikamazizira imachita kaphokoso kena kake kumbuyoku. Iwo akuti sakukamva. Masipanala anga onse awabisa kwa aneba, koma aiwala kuti mpeni wa buledi nawo umamasula.