Za Mafupa a Koleji Amene Tinaika M'manda

Kwa Olemekezeka,
Bwana Mkulu wa Koleji ya Zaumoyo ya Tiyesenawo,
Phalombe.

Bwana wanga,

Ndagwada, ndawomba m'manja, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire pokusokonezani pa ntchito zanu zikuluzikulu. Ndine Maggie Richard, wophunzira wa chaka choyamba, uja dzina lake munalimata pa bolodi ndi zilembo zofiira. Ndinafuna kudzakuonani maso ndi maso, koma ndikafika pa ofesi yanu alembi amandiuza kuti muli ku semina ku Blantyre, ndikabweranso amati muli ku semina ku Mangochi. Ndiye ndati ndilembe kudzera m'nyuzipepala, poti ndamva kuti ku semina nyuzipepala zimafika pamodzi ndi tiyi. Akuti masiku ano a matipati pakamwa anatimasula. Ine nditsegula pang'ono pokha, monga ayenera kuchitira mwana woleredwa bwino.

Chidziwitso chanu chikunena kuti sindidzalowa m'chipinda cha mayeso a kumapeto kwa chaka pokhapokha nditabweza mafupa a koleji amene ndinasowetsa. Mayesowo ndi a mwezi wamawa. Ndikapanda kulemba, chaka chathera pomwepo, ndipo amalume anga ku Jenala ananeneratu tsiku limene ndinkanyamuka kuti ndikadzabwerako chimanjamanja ndidzapeza munda ndi mwamuna zikundidikira, kusukulu sindidzapondakonso. Choncho ndikufuna ndikutsimikizireni kuti mafupa aja sanasowe. Ndikudziwa pamene ali, ndipo mudzi wonse ukudziwa. Koma mwana asanapemphe amayamba wathokoza.

Choyamba, ndikuthokozeni chifukwa cha phunziro la kapangidwe ka thupi la munthu ndi kagwiridwe ntchito ka ziwalo zake, lija aphunzitsi amalitcha anatomi ndi fiziyoloje akafuna kutiopseza. Buku lake ndi limodzi kalasi yonse, zomwe zatiphunzitsa chikondi, pakuti timaliwerenga titagundanitsa mitu ngati nkhuku pa madeya. Masamba onena za mtima anathothoka ife tisanabwere. Motero magazi a m'kalasi mwathu amachoka m'mapapo n'kukangotulukira ku impso, za pakatipo timazilandira mwa chikhulupiriro. Za kagayidwe ka chakudya timaziphunzira masana m'mimba mulibe kanthu, moti kulira kwa matumbo kumene aphunzitsi amafotokoza timakumva kuchokera pa desiki iliyonse popanda chida chomvetsera. Nayo maikulosikopu, chida chija choonera tizinthu tosaoneka ndi maso, mumaisunga bwino m'kabati ya ku ofesi kwanu kuopa fumbi. Tinaionapo tsiku lija kunabwera alendo a galimoto zoyera. Tinaima pamzere, aliyense n'kusuzumiramo, aliyense n'kuona nsidze zake, ndipo alendo anajambula zithunzi n'kubwerera okondwa.

Chachiwiri, ndikuthokozeni potichotsa m'nyumba yogona atsikana kuti muikemo matumba anu a nandolo. Nandolo safuna chinyezi, ife tikanyowa timauma tokha. Tinabalalika m'midzi ya m'munsi mwa Michesi, aliyense kufunafuna pogona, ndipo ine ndinalandiridwa ndi mayi Belita, mayi wamasiye amene ananditenga ngati mwana wobala okha. Njira yochokera kumeneko kupita ku koleji ndi chikweza chokhachokha, moti minofu ya m'miyendo ndimaidziwa kuposa phunziro lina lililonse. Ndimaimva umodziumodzi ndikamapalasa njinga.

Chachitatu, ndipo apa ndichedwapo, ndikuthokozeni chifukwa cha a Makina. Mwina dzinali simukulidziwa, poti m'chidziwitso chanu mwangoti katundu wa koleji. Ndi dzina limene ophunzira akale anapatsa mafupa aja, chifukwa ankaima pakona ya labotale atalumikizidwa ndi mawaya ndi tizitsulo. Si a pulasitiki ayi, ndi mafupa enieni a munthu, ndipo akuti munawapeza kwa dokotala wina amene ankabwerera kwawo kutsidya kwa nyanja. Mphepo itasasula denga la labotale, inu munaona mwanzeru kuti kukhoma malata ena n'kuthamangira zinthu. Dzinja linadutsa, lina n'kudutsanso, mawaya anachita dzimbiri, a Makina anagwa n'kumwazika mbwee, ndipo anawoleredwa m'thumba la feteleza. Pamenepo munalamula kuti, poti labotale ilibe denga kapena loko, wophunzira aliyense azitenga thumbalo kunyumba masiku angapo, kukonzekera mayeso aja amakupatsa fupa m'manja kuti utchule dzina lake ndi ntchito yake.

Lamuloli munaliika chaka chino, Bwana, chaka chimene mphekesera za anamapopa zili ponseponse, pamene munthu wachilendo akangodutsa ndi chikwama ana amathawira m'chinangwa. Ndinafunsa aphunzitsi ngati simungatipatseko kakalata konena kuti mafupawa ndi a sukulu. Anandiyankha kuti sayansi siopa mudzi. Iwo amakhala m'nyumba ya koleji, mkati mwa mpanda.

Itafika nthawi yanga ndinamanga thumba pa kaliyala, a Makina akulira gobedegobede njira yonse, n'kukaliika kunsi kwa bedi. Ndinati ndiwafotokozera mayi Belita modekha ndikabwerako ku msika wa ku Chiringa, kumene anandituma mchere ndi matemba. Ndili kumeneko, iwo analowa kudzandisesera m'chipinda. Tsache linagunda thumba lija, analimva kulira monga alirira makaka ouma, nati mwanayu wabwera ndi makaka a kwawo, nditapeko awiri atatu tiphike. Anapisa dzanja. Chimene chinatuluka chinali ndi mano.

Kukuwa kwawo akuti kunamveka mpaka kwa otola nkhuni m'phiri. Pobwera ndinapeza bwalo ladzaza, chigaza chili pa mphasa, anyamata ena atatola kale miyala. Bwana, ndinaopa. Mtima unagunda mwa njira imene masamba othothoka aja akanandifotokozera. Amene anandipulumutsa ndi a Jonasi, mkulu wa mpingo, amene anaima pakati pa ine ndi miyala nati munthu saweruzidwa asanalankhule. Ndinawaonetsa manambala a inki amene ali pa fupa lililonse, ndinatulutsa yunifomu, ndinafotokoza za denga ndi za thumba. Anamva, anakhulupirira, miyala n'kugwa pansi.

Koma kenaka a Jonasi anandifunsa mafunso amene mulibe m'buku lathu lija. Munthuyu dzina lake ndani? Kwawo n'kuti? Anamwalira ndi chiyani? Anamulira ndani? Onsewo ndinayankha kuti sindikudziwa, ndipo ndinachita manyazi oposa a tsiku lililonse limene ndinalepherapo funso m'kalasi. Mayi Belita anayambanso kulira, tsopano osati chifukwa cha mantha, ndipo chisoni chitawakulira anasiya Chichewa n'kumalira m'Chilomwe. Ankati mwana wa mayi mnzawo, woyamwa bere ngati wina aliyense, wagona m'thumba la feteleza, kumangoyendetsedwa pa njinga ngati mbuzi ya malonda, popanda ngakhale womuponyera dothi. Amayi ena anawathandiza kulira. Ine ndinachonderera, misozi ili chuchuchu, kuti mayeso ali pafupi ndipo mafupawa si anga. Anandiyankha mokoma mtima kuti mayeso amabwera chaka ndi chaka, koma munthu amaikidwa kamodzi.

Ndikanakonda mukanaona maliro ake, Bwana, pakuti koleji yathu sinalemekezedwepo chotero. Adzukulu analawirira kukakumba. Amayi anabwera ndi ufa, nkhuni ndi kalongonda. Poti panalibe wodziwa chipembedzo cha malemu, a Abdulwahab a pa golosale anapereka nsalu yoyera, kwaya ya mpingo n'kubwera ndi nyimbo, kuti kulikonse kumene malemu ankapemphera asakadandaule. Mmisiri anafuna kukhoma kabokosi kakang'ono, koma a Jonasi anakana, ati munthu saunjikidwa ngati nkhuni, agone motambasuka, chiwalo chilichonse pamalo pake. Ndiye onse anatembenukira kwa ine, poti ndine wa sukulu yake.

Ndinagwada pambali pa bokosi n'kuyambira ku chigaza. Nsagwada, mafupa a khosi, a msana limodzilimodzi monga atsatirana, nthiti, mapewa, mikono, chiuno, mpaka timafupa ta zala tija timasowa ngati mikanda. Lililonse ndinkalitchula chamumtima dzina lake la m'buku, ndipo sindinakayike ndi limodzi lomwe. Chiyambireni chaka, aka kanali koyamba kuona a Makina athunthu, atagona mwa dongosolo, popanda wondikankha kuti nayenso aone. Ndi pamenepo pamene ndinazindikira chinthu chimene ndiyenera kukudziwitsani monga mwini katundu: mafupa a ntchafu onse awiri ndi a mwendo wamanja, ndipo lina ndi lalitali kuposa linzake. A Makina sanali munthu mmodzi. Kalasi ndi kalasi yakhala ikukhoza mayeso pa anthu awiri ophatikizidwa, ndipo ena mwa okhozawo pano akumanga anthu othyoka miyendo m'zipatala. Nditawauza a Jonasi, anangopukusa mutu n'kuuza kwaya kuti iwonjezere nyimbo ina ya mnzawoyo.

Itafika nthawi yowerenga mbiri ya malemu, anandiimikanso ine. Ndinanena zochepa zimene ndinkadziwa: kuti malemuwa anatumikira koleji yathu zaka zambiri, kuti sanajombepo, sanakalipirepo mwana wa mwini, ndiponso sanapitepo ku semina. Anthu anagwedeza mitu, ati aphunzitsi otero masiku ano akusowa.

Chachinayi, ndikuthokozeni chifukwa cha changu. Denga lakhala likudikira zaka, koma dzina langa linafika pa bolodi tsiku lomwelo limene ndinapereka uthenga wa maliro kwa alembi anu. Anzanga a m'kalasi nawo akundiyang'ana ndi diso loipa, poti ambiri thumba linali lisanawafike. Pano akukonzekera mayeso podzipapasa nthiti zawo zomwe, ndipo oonda ndi amene ali ndi mwayi.

Ndinamvera lamulo lanu. Ndinabwerera kwa a Jonasi ndi kwa adzukulu kukapempha kuti afukule. Sanandikalipire. Anandiuza kuti manda satsegulidwa ndi munthu wongobwereka mafupa ngati ine. Amene angapemphe zotero ndi mwini maliro yekha, ndipo ayenera kufika iye mwini, kuima kumutu kwa manda pamaso pa anthu, kutchula dzina la malemu, mudzi wake ndi mtundu wake, ndi kufotokoza chimene akumudzutsira. Anandifunsa kuti nanga mwini maliro ndani. Ndinawawerengera chidziwitso chanu, pamene mwalemba kuti mafupawo ndi a koleji, ndipo ndinawonjeza zimene mumatikumbutsa pa asembule, zoti kolejiyi ndi yanu. Onse anagwirizana kuti namfedwa ndinu, ndipo anakumverani chisoni. Anangodabwa kuti simunabwere ku maliro kapena kutumiza mawu. Mayi Belita anakusungirani thobwa mpaka linasasa.

Pepani, Bwana, nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Koma pajatu akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiye wanga ndabwera nawo kwa inu. Ndinene zoona, mtima wanga suli m'malo. Phunziroli ndimalikonda, ngakhale ndi masamba ake othothokawo. Ndimafuna kudzakhala munthu amene mayi wa ku Jenala angamubweretsere mwana wothyoka mkono n'kubwerera kwawo wopepukidwa. Zikundiwawa kuti ndikakwatiwe ndi munthu wosankhidwa ndi amalume chifukwa cha denga limene sindinasasule ine.

Pempho langa ndi laling'ono: ndiloleni ndilembe mayeso. Ngati mukukayika zoti mafupa ndimawadziwa, mboni ndili nazo mudzi wathunthu. Koma ngati mukuonabe kuti katundu wa koleji ayambe wabwerera, ine sinditsutsa, ndine yani ine. Ndingokupemphani modzichepetsa kuti mupatule tsiku limodzi mayeso asanafike, mubwere ndi mayina awiri, midzi iwiri ndi mitundu iwiri, poti pansi paja pagona anthu awiri. Galimoto mudzaisiye kumsewu, njira ya kumanda ndi ya phazi, ine ndidzakutsogolerani. Adzukulu ati musavutike kunyamula khasu, adzakubwerekani lawo. Ati iwo ntchito yawo ndi kukwirira, ndiye kufukula mudzafukula nokha. Iwo adzangoima pambali, manja kumbuyo, kuti aone mmene anthu ophunzira amachitira.

Ine wanu wogwadabe,

Maggie Richard,
Wophunzira wa chaka choyamba,
Kwa mayi Belita, m'munsi mwa Michesi.