Jezi ya Chinjoka kwa Amalume a Esinati

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba paukwati uliwonse, ndiye bola ndiulule ndekha, manyazi andithere kamodzi.

Ine ndimasapota Wales. Pamapu sindingakulozereni. Ndinangotengeka ndi mkulu wina amene ankathamanga kuwing'i ine ndili mwana, ndipo atasiya kusewera n'kukhala kochi wa timu ya dziko lawo, ndinamutsatira konko. Tsiku lomwe ndinatola jezi yawo pakaunjika, yofiira psuu, kachinjoka kotulutsa lilime pachifuwa, ndinavina pamsika.

Ndiye Esinati, chibwenzi changa, akuti tiye ukaonekere kwa amalume ku Mbombwe. Anandichenjezeratu kuti ndi adikoni, ndipo akati ayi, ukwati palibe.

"Uvale zooneka," anatero.

Chooneka kuposa jeziyo ndinalibe.

Tinawapeza amalumewo, a Namakhwa, pakhonde. Ndinagwada, moni bwinobwino, koma maso awo anali pachifuwa panga.

"Achimwene, chimenecho n'chiyani?"

"Chinjoka, amalume!" ndinayankha monyadira.

"Chofiira?"

"Eya. Ndi chizindikiro chathu."

Azakhali amene ankasenda chinangwa anasiya mpeni.

"Chanu ndi ndani?" anafunsa amalume.

Esinati ananditsina, ine kuyesa akuti ndimasuke. Ndinamasukadi!

"Tilipo ochepa kuno, amalume, koma kunja ndi gulu. Timakumana Loweruka pa Mpama, m'kanyumba kotseka mawindo."

"Mtsogoleri wanu ndani?"

"Mzungu winawake. Ndinayamba kumutsatira ndili Standard 5. Akangotambasula manja chonchi, tonse timakuwa!"

"Mayo ine!" Azakhali aja anathamangira kuseri, pobwera ali ndi amayi anayi a mvano.

Apa m'pamene mutu unayamba kugwira ntchito. "Ayi, ndi mpira! Football!"

"Amatero onse," anatero amalume. "Mumamupatsa chiyani?"

"Palibe, amalume, kungoti timu ikafuna magazi atsopano..."

Sindinamalize. Nyimbo inayambika, manja asanu ali pamutu panga. Mayi wina ankandigwedeza ngati akugwetsa mango. Esinati ali pakona, chitenje kukamwa, mapewa akunjenjemera. Ine ndinkati akulira, ndipo mtima unandiwawa zedi poona kuti mkazi akundipulumuka chifukwa cha malaya.

Atati ameni, amalume anaimirira.

"Sankhani lero. Mwana wathu kapena chinjoka?"

Ndivomere, ndinaganizako pang'ono. Kenako ndinavula.

"Ichi ndikachiotcha ndekha, n'choopsa," anatero akuipinda bwinobwino. "Ankhoswe anu abwere."

Ndinabwerera pakabaza nditafunda chitenje cha azakhali, ana akundithamangira mpaka kumsewu.

Loweruka lotsatira Wales inkasewera masana. Ndinalowa mu video show mozemba, nditavala malaya oyera ngati wa kwaya. Kutsogolo kunali bambo wina wa jezi yofiira, akukalipira TV.

"Kochi ameneyu ngwabodza! Striker mmodzi basi? Sintha, iwe!"

Mawuwo ndinawadziwa. Atatembenuka, kachinjoka kanga kanali kali phee pamimba pa a Namakhwa.

"Amalume! Si munati mukaotcha?"

"Khalani pansi, akamwini, mukutchinga anthu," anatero osaphethira n'komwe. "Ndayamba ndachiyesa kaye ngati chili ndi mphamvu. Chilibe. Tagoletsedwa kale ziwiri."

Pokaonekera kuchikamwini, valani malaya amene amalume sangawakwane.