Mpheta za pakhonde langa

Lolemba

Lamulungu kukubwera alendo ochokera kwa Kasakula kudzafunsira mbeta ya Tadala, mwana wanga wachisodzera. Wolankhula kumbali yathu ndi mlamu wanga, a Gidiyoni, mwini mbumba. Ine bambo wake ntchito yanga ndi imodzi yokha: khonde likhale loyera.

Vuto ndi mpheta. Zamanga zisa pansi pa malata, pamwamba penipeni pomwe timaika mipando. Zitosi pakhoma, zitosi pazenera. Phokoso kuyambira m'bandakucha ngati msika wa kwa Malomo.

Zofunika:
jekete lakale
zisanza
ma CD akutha aja
kulimba mtima

Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa ana a sitandade 5, ndingalephere kambalame? Pofika Lachinayi zikhala zitasamuka!

Lachiwiri

Ndikuimika chiopsezo: mitengo iwiri yopingasa, jekete pamwamba. Chikuoneka choopsa ndithu. Nkhuku zathawa. Galu wauwa.

Mpheta ayi. Yamphongo, ya kandevu kakuda pakhosi ija, yatera paphewa, ikusolola ulusi wa kolala n'kupita nawo kuchisa. Ikubweranso. Yaitana ndi mkazi wake.

Mayi a Tadala: "Mwachita bwino kuzipatsa bulangete, kwayamba kuzizira."



Lachitatu

Ndatseka mipata ndi zisanza. Pofika masana zisanza zonse zili pansi, kupatula zofewa. Zimenezo zalowa m'zisa.

Ndapachika ma CD asanu kuti kuwala kuzizithobwa m'maso. Wakandevu wadziona m'menemo, akuyesa kwabwera tambwali wodzamulanda banja. Akujompha, akukupiza mapiko, akutukwana. Anzake adzaza pawaya woyanikapo zovala kuonerera ndewu. Kwabwera ndi zina za kuchigayo zomwe sindinazionepo.

Zachuluka!

Lachinayi

Ndabwereka mphaka kwa a Nabanda, oyandikana nafe. Akuti, "Ameneyu ndi chilombo, aphunzitsi, makoswe kwathu anatha."

Chilombo chafika, chayang'ana kudenga, chayasamula, chagona pampando wanga. Mpheta zikusamba m'fumbi chapafupi pomwepo, zakumba timaenje, fumbi kobo! Mphaka watsegula diso limodzi, watsekanso.

Madzulo: usipa wa ndiwo wasowa kukhitchini. Mphaka wabwerera kwawo yekha, mimba ili tantha. Tikudyera nkhwani wopanda kanthu.

Lachisanu

Basi, zonyengerera zatha. Makwerero, ndodo, thumba.

Ndakwera. Chisa choyamba n'chachabechabe, sichingapose mayeso: udzu, nthenga za nkhuku zanga, pepala la switi, ulusi wa jekete. Ndalowetsa dzanja. Mukutentha.

Tiana tinayi. Tamaliseche, maso osatsegula, milomo yachikasu yasaa, tikuyesa chala changa ndi chakudya. Make watera pa phaso pafupi ndi mphuno yanga, kukamwa atanyamula mbozi yobiriwira. Ndikuidziwa mbozi imeneyi. Ndi zomwe zikundithera kabichi kudimba.

Tayang'anana. Ndabweza dzanja.

Potsika, mtengo wachitatu wa makwerero thyoo! Ndafikira m'beseni la madeya. Bondo latupa. Madeya ali mbwee pabwalo ponse, ndipo mpheta zonse za m'boma la Ntchisi zalandira uthenga.

Tadala akundithowa bondo, akudziluma mlomo kuti asaseke. "Ababa, zisiyeni. Akundifuna ine, sakufuna khonde."

Loweruka

Kuyenda ndi ndodo. Ndikulamula ndili pampando, palibe akumva.

Mayi a Tadala akolopa khonde kawiri. Kachitatu akana. Ndati tisamutsire mipando pansi pa mtengo wa mango. A Gidiyoni akana: "Alamu, alendo aulemu pamtengo ngati tikugulitsa tomato?"

Ndakhoma katoni kunsi kwa zisa kuti izilandira zogwa. Yapendekeka. Ndilibe mwendo wokwereranso.

Lamulungu

Tabwerako kutchalitchi. Alendo afika anayi, atsogoleredwa ndi amalume ake a mnyamata, bambo wamtali wa suti yakuda yonyezimira. Mayi a Tadala awakhazika pampando wabwino uja. Pansi pa katoni.

Thobwa lazungulira. Malonje atha. Amalume akonza kukhosi: "Ife tabwera kuno titaona kamsoti pakhomo pano..."

Pha! Paphewa la suti. Chitosi choyera bwino, chachikulu.

A Gidiyoni akuyang'ana nsapato zawo. Ine ndikufuna nthaka ing'ambike.

Amalume ayang'ana phewa, ayang'ana kudenga. "Kamsoti tikunena ife si kameneka."

Khonde lonse laphulika. Mayi a Tadala athawira kukhitchini, akumveka akuseka konko. Nkhani yayenda mofulumira kuposa mmene a Gidiyoni anakonzera. Mbeta yaloledwa, ukwati ukhala tikakolola.

Potsanzikana amalume andinong'oneza kuti kwawo zinamanga m'chipewa cha njinga yamoto, anachileka milungu itatu osachivala.

Alendo apita. Tadala akuimba kuseri akutsuka makapu. Miyezi ingapo chabe, chipinda chake chikhala chopanda munthu. Kudenga tiana tija tikulirira chakudya, make ali kalikiliki.

Zikhale. Khonde ndi lawo, ine ndimangokhalapo.

Mawa ndikagule chipewa cha mlaza, chotambalala.