Tsiku limene ndinapereka mfumukazi ya eni ake

Mpaka lero ndikaona bolodi ya tchesi makutu anga amatentha. Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri, koma poti amene anaionera ndi maso anatsogola kale, lekani ndiulule.

Zinali m'zaka zija boma linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Ine ndinali kalaliki wamng'ono, ndinkagona pansi m'chipinda cha mnzanga, mkazi wanga ndi mwana ali ku Zomba. Nyumba zatsopano ku Area 15 zinali zochepa, ndipo woika mayina pamndandanda mu ofesi mwathu anali bwana wathu a Gondwe, munthu wa ku Rumphi, wofatsa, wokonda kwaya ndi tchesi.

Loweruka lililonse masana a Gondwe ankapita ku Area 2, kuseri kwa sitolo ya nsalu ya a Yusufu, mmwenye wachikulire. Kumeneko ankatenga nyuzipepala zakunja momwe munkalembedwa masewera a akatswiri a dziko lonse, n'kumawabwereza pabolodi, uku akutsutsana chifukwa chimene wakuti anasunthira chakuti.

Tsiku lina a Gondwe anandifunsa ngati tchesi ndimaidziwa.

"Kwambiri, bwana," ndinayankha. (Zoona zake n'zakuti ndinkangodziwa kayendedwe ka zidolezo ndi kawerengedwe pang'ono. Ukatswiri wanga unali pa bawo. Koma munthu wogona pansi sakana.)

Anandiuza kuti ndikapezekeko, ndipo Loweruka ndinafika nditathina tayi. Ndinapeza atayala kale zidole monga zinalili pa chithunzi cha m'nyuzipepala, masewera ali pakati. A Yusufu anati maso awo atopa ndi tizilembo ting'onoting'ono, choncho anandipatsa pepala kuti ndiziwerenga ndi kusuntha. Ndinakhala mbali ya zoyera.

Panalembedwa kuti mfumukazi yakuda ipite pa kabokosi kachinayi ka mzere wake. Ndinawerenga kuchokera pamene ndinakhala: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Ndinaikhazika. Inapezeka ili pakamwa penipeni pa kamsilikali koyera.

A Gondwe anavula magalasi. "Iii! Munthu wamkulu ngati ameneyu kupereka mfumukazi ulele? Mukuona bwanji, achimwene?"

Apa ndi pamene wanzeru akanati sindikudziwa. Ine ndinakhosomola n'kuimirira. (Ndinaimiriranji, mpaka pano sindidziwa.)

"Bwana, iyi ndi nyambo. Akufuna kamsilikaliko kachoke pamalo pake kuti njira ya kwa mfumu itseguke. Anthu amenewa amaona kutali, kumene ife sitifika."

Ndinalankhula mphindi ngati khumi, chala chikuyendayenda pabolodi. Nanenso ndinayamba kuzikhulupirira.

"Pitirizani," anatero a Yusufu, akuseweretsa ndevu zawo.

Ndinawerenga za woyera. Mfumukazi sanaidye. Anangosuntha mfumu yake kabokosi kamodzi pambali.

"Nanga uyu waisiyiranji?" anafunsa a Gondwe.

"Waununkhiza msampha, bwana! Awiri onsewa ndi afiti." Thukuta linali litayamba kuyenderera m'kolala, komabe ndinawonjezera mphindi zina zisanu za maphunziro.

Wakuda anadya kamsilikali kwinakwake, zimenezo zinayenda bwino. Kenaka pepala linati hatchi yoyera ipite pa kabokosi kachinayi komwe kaja. Pamenepo panali patakhala kale mfumukazi yanga, ndipo sipanalembedwe kuti yadyedwa. Ndinaima hatchi ili m'manja, yosowa potera.

A Yusufu anatambasula dzanja, n'kubweza mfumukazi ija kabokosi kamodzi kumbuyo.

"Mwana wanga," anatero mwaulemu, "m'kalembedwe aka, wakuda amawerenga kuchokera kwawo, woyera kwawonso. Mfumukaziyi sinapiteko kumene munaiika."

Nsembe ija, nyambo ija, msampha uja, zonse zinali zanga. Katswiri wa eni ake anangosuntha bwinobwino ngati munthu wamutu wake.

A Gondwe anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinafunafuna pothawira, koma khomo linali kuseri kwa mipukutu ya nsalu.

"Munaona liti, a Yusufu?" anafunsa bwana atapezako mpweya.

"Pachiyambi pomwe. Koma amafotokoza bwino kwambiri, ndinachita chisoni kuwadula."

Potuluka ndinadziwa kuti za nyumba zatha. Lolemba a Gondwe anandiitana mu ofesi mwawo.

"Achimwene, mukanangonena kuti simudziwa, ndikanakuphunzitsani. Akazi anu akadali ku Zomba?"

"Inde, bwana."

"Dzina lanu ndinalilemba kale mwezi watha. Munthu wabanja sagona pansi. Tchesi sinalipo pa nkhaniyi."

Ndinathokoza ndikuyang'ana nsapato zanga. Nditafika pakhomo anandibweza.

"Komanso kuyambira lero, makalata ofotokoza chifukwa chimene mafayilo ena sanafike kuchokera ku Zomba muzilemba ndinu. Munthu wotha kuteteza cholakwika kwa mphindi khumi ndi zisanu sitingamusiye akungodinda masitampu."

Ndinawalemba makalatawo zaka zitatu, ndipo palibe ngakhale imodzi inabwezedwa. Mawu akuti "sindikudziwa" ndinawaphunzira ndithu, kungoti mpaka lero amafika mochedwa, pakamwa patayamba kale.