Zitini Zitatu za a Chimwala

Nkhani iyi ndinkafuna kufa nayo. Koma poti a Gonthi akuifalitsa kale m'minibasi yawo kuyambira pa Zalewa mpaka ku Lisungwi, bola muimve kwa mwini wake. Iwo amathira mchere wambiri. Ine ndinena manyazi anga mmene analili.

Ndimagwira ntchito pamalo otsukira magalimoto a a Chimwala, pa Zalewa pompa. Ndimadzuka n'kukazinga mandasi, kuwasiya kwa mchemwali wanga kumsika, kenako ndowa ndi chinsanza mpaka 2 koloko. Nthawi imeneyo ikakwana ndimathamangira ku sukulu ya kwacha. Anzanga amaweruka 5 koloko, ine ndekha a Chimwala anandilola kuweruka msanga chifukwa cha sukuluyo.

Vuto langa ndi limodzi: sindidziwa kudikira. Munthu akamayankhula mokoka, ndimamumalizira ndekha mawu.

A Chimwala ndi madala amene anakalambira ku bwalo la ndege, ntchito yawo kupukuta ndege mpaka munthu kudziona nkhope pa phiko. Atapuma anagula makina opukutira onga amene ankagwiritsa ntchito kumeneko, amagetsi, okhala ndi chiubweya chozungulira kutsogolo. Amawatcha Bebi. Bebi ali ndi thawulo lake, ali ndi shelefu yake, ndipo madzi samukhudza.

Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala anandiitana.

"A Nabanda, mawa m'mawa kukubwera galimoto ya akwati. Bebi watsekeka ndi fumbi la polishi m'timabowo iti, akutentha. A Gonthi andibweretsera zitini zitatu kuchokera ku Blantyre. Ine ndikupita ku komiti ya kutchalitchi. Ndiye mumatenga chitini chimodzi..."

"Ndadziwa, bwana."

"Ndifotokoze kaye."

"Bwana, masiku ano ndimawerenga. Zalembedwa pachitinipo, eti?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chabwino, aphunzitsi. Koma Bebi akalephera ntchito mawa, za 2 koloko zija zithera pomwepo."

Atangokwera kabaza ndinatenga chitini. Chizungu chokhachokha, timalemba ting'onoting'ono ngati nyerere zili pa ulendo. Chilembo chilichonse ndimachidziwa, koma zikakumana sizimapatsana moni. Kufunsa anyamata akuntchito sindikanatha, popeza sabata yonse ndinali nditawavutitsa kuwawerengera zikwangwani za pamsewu mokweza.

Ndinadziuza kuti chitini ndi chitini basi. Cha udzudzu ndimachidziwa, cha perefyumu ndimachidziwa. Umagwedeza, umafinya, mankhwala amatuluka.

Ndinagwedeza. Ndinaloza kampopi kake kofiira pa timabowo ta Bebi, n'kufinya.

Fyuuu!

Fumbi linabuka n'kundilowa m'mphuno, ndinayetsemula katatu. Ndinapukuta maso n'kuyang'ana pa makina. Pouma. Thovu palibe, fungo palibe, ngakhale kadontho.

Ndinamukankhira Bebi pambali kuti fumbi lake lisandisokoneze, ndiyambe ndafufuza bwino. Ndinafinyira pachikhatho. Pouma. Pa katoni. Pouma. Ndinaganiza kuti mwina mankhwala ali pansi, pamwamba pangokhala mpweya, ndiye ndinapanikiza chala osachotsa. Chitini chinayamba kuzizira ngati chachokera mufiriji, mphamvu n'kuchepa. Ndinachisiya pang'ono, n'kuyambanso. Ndinachita choncho mpaka chinati zii.

Chachiwiri ndinachichenjerera. Ndinachizondotsa, mutu pansi, n'kufinya. Panatuluka choyera ngati utsi, chinandigwira chala cha kumanzere n'kundiwotcha ndi kuzizira. Ndinadumpha, chala m'kamwa. Apa ndinati ndagwira nkhani: mankhwala ndi akale, anaundana, atsala pang'ono chabe. Ndinachitembenuza n'kufinyabe kuti ndione ngati muli ena. Nachonso chinatha.

Mtima unandiwawa. Madala okhulupirika ngati a Chimwala, munthu n'kuwabweretsera zitini zopanda kanthu? Nthawi inali itadutsa 12 koloko, ndipo tsiku limenelo aphunzitsi anali atandisankha kuti ndiwerenge tsamba lathunthu pamaso pa kalasi. Ndinamanga chitenje mwamphamvu, kunyamula chitini chachitatu, ulendo wa pa siteji.

A Gonthi ndinawapeza atatsamira minibasi yawo, akudya chipisi podikira anthu.

"A Nabanda, muli bwanji? Bwerani tidye."

"Chipisi cha ndalama za a Chimwala ine sindidya."

Anasiya kutafuna. "Mukuti chiyani kodi?"

"Mulibe manyazi? Akutumani zitini zotsukira makina, inu mwakatola zakutha kudzala."

"Mayi, ine ndinangopereka kapepala kamene madala analemba. A mushopu anandipatsa zimenezo, zomata bwinobwino."

"Tambasulani dzanja."

Anatambasula. Fyuuu!

"Mwanyowa?"

"Ayi."

"Nunkhizani."

Ananunkhiza. "Sizikununkha kanthu."

Anthu anayamba kusonkhana, monga mudziwa pa Zalewa sipachedwa. Amayi ogulitsa tomato, akabaza, ngakhale amene anali atakhala kale m'minibasi anatsika. Ine ndinasanduka wamalonda. Aliyense ndimamuuza atambasule dzanja, fyuuu, anunkhize. Bambo wina ndinamufinyira pachipewa. Mayi wina anati ndimuyese pakhosi poti kunja kukutentha, ndinamuyesa kawiri.

"Zoonadi," anatero mayi wa tomato. "Muli mpweya wokhawokha. A Gonthi, mwayamba liti zimenezi?"

"Ndiye tikamawatuma feteleza azitibweretsera mchenga," anawonjezera wakabaza wina.

A Gonthi thukuta linali kamukamu. Anatenga chitini, kuchigwedeza pafupi ndi khutu, kuchitembenuza uku ndi uku. Ndinaona kuti nawonso ayamba kudzikayikira. Anayamba kusaka nambala ya kushopu pafoni. Ine ndinawalanda chitinicho n'kuchikweza m'mwamba ngati mlaliki, kufinya komaliza kuti onse aone. Chinalira mofooka, n'kusiya.

Nthawi yomweyo kabaza inaima kumbuyo kwanga. A Chimwala, Baibulo kukhwapa.

"Kwagwanji pano?"

"Bwana, mwafika bwino. Ndakugwirirani wakuba. Zitini zija ndaziyesa zonse, muli mpweya wokhawokha."

"Zonse zitatu?"

"Mpaka kutha, bwana. Sindinasiye ngakhale pang'ono. Mboni ndi awa."

A Chimwala anavula chipewa. Anachiyang'ana mkati nthawi yaitali, ngati muli uthenga. Kenako anayankhula motsitsa, mawu amene ndimawamvabe ndikamagona.

"A Nabanda, ine ndinatuma mpweya."

Ngakhale kondakitala anasiya kuitanira.

"Mpweya, bwana?"

"Mpweya. Wouma, wamphamvu. Umauzira fumbi m'timabowo, poti madzi amapha makina. Chitini chimodzi chimandikwanira miyezi iwiri. Kodi mutafinyira pa Bebi fumbi silinatuluke?"

"Linatuluka."

"Ndiye?"

"Ndinamuchotsapo. Limandisokoneza."

Mayi wa tomato uja, amene mphindi yapitayo anali mboni yanga yoyamba, anakhala pansi n'kugwira nthiti. Wakabaza anagwetsa njinga. A Gonthi anayamba kuyenda mozungulira, manja m'mwamba, kuuza aliyense payekhapayekha kuti iwo ndi munthu wa Mulungu.

"Paja munati mumawerenga," anatero a Chimwala.

"Chichewa, bwana."

Ndinapepesa a Gonthi pamaso pa anthu onse, nditagwada pafumbi. Anati andikhululukira, koma maso awo ananena kuti nkhaniyi ifika patali.

Pobwerera ndinayesa nzeru ina. "Bwana, nanga kompuresa ya anyamata omata matayala?"

"Imalavula madzi ndi oilo. Mukufuna mumumalize?"

Anakabwereka mpope wa njinga. Iwo anakhala pampando pamthunzi, atagwira kampira ka mpopewo pa timabowo ta Bebi. Ine chiimire padzuwa, kupopa.

"Akayera lero, Lolemba mupita ku sukulu," anatero. "Akapanda kuyera, mwadziwa kale. Inu mumadziwa zonse."

Ndinapopa. 2 koloko inakwana ndikupopa. Fumbi limatuluka pang'onopang'ono ngati likuchita manyazi. Ndikati tatha, a Chimwala amasuzumira m'kabowo, kupukusa mutu, n'kusunthira ku kabowo kena. Sindinkadziwa kuti makina amodzi angakhale ndi timabowo tambiri chonchi.

Cha m'ma 4 koloko anzanga a ku sukulu anadutsa pamsewu, makope m'manja. Nkhani inali itawapeza kale m'kalasi. Anaima pamzere n'kuyamba kundiwerengera mokweza mmene timachitira pa masamu: wani, thuu, fili, mpope uliwonse nambala yake. Anafika mpaka makumi asanu. Aphunzitsi akanamva akanasangalala.

Dzuwa likupendeka a Chimwala analumikiza Bebi kumagetsi. Bebi analira bwinobwino, osatentha. M'mawa mwake galimoto ya akwati inawala mpaka mkwatibwi anadzikonzera ndolo pachitseko. Ine manja sankakwera, tiyi ndinamwa nditawerama.

Lolemba 2 koloko ndinapita ku sukulu, chitini chopanda kanthu chili m'chikwama. Ndinapempha aphunzitsi andiwerengere. Anatanthauzira mzere ndi mzere: osagwedeza, osazondotsa, finyani pang'onopang'ono. Zinthu zitatu zokha, ndipo ine zonse ndinazilakwa mwa dongosolo lake.

Mpaka lero a Gonthi akamachokera ku Blantyre amaima pa geti pathu, anthu ali odzaza m'galimoto, n'kuliza hutala.

"A Nabanda! Ndayenda mawindo otsegula njira yonse. Katundu wanu wafika, bwerani ndi ndowa mudzatsitse!"

Masiku ano munthu akangoti "ndifotokoze kaye", ine ndimayamba ndafuna pokhala.