Denga Limene Ndinasasula Chifukwa cha Kandege

Nkhaniyi ndi yochititsa manyazi, koma poti maneba akuifalitsa kale, bola muimve kwa mwini wake.

Ndimakhala kumunsi kwa Area 9. Kuseri kwa nyumba ndinamanga boys' quarter yosendera kwambiri kumtsinje, ndipo pulani yake sinapondeko ku khonsolo. Amene ankagonamo ndi apongozi anga, mayi a akazi anga.

Tsiku lina mu Disembala kandege kanayamba kuuluka m'munsi, kukwera ndi chigwa n'kutsikanso, osatopa. Nditatuluka ndinapeza mayi wina wa jekete yowala akupenta X woyera pamsewu, pageti panga penipeni.

Ndinamuyandikira.

"Pepani mayi, X ameneyu ndi wa chiyani?"

"Ndi wa survey, bambo. Ndege ija ikuwomba kuwala kwa laser pansi kuyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Tikufuna tidziwe pomwe madzi angafike mtsinje ukasefukira."

"Nanga nyumba zili m'mbali mwa mtsinjezi?"

"Zimenezo timachotsa. Nyumba, mitengo, mipanda, zonse. Ife timafuna nthaka yokha."

"Liti?"

"Ndege ikangomaliza. Sizichedwa, makina amachita okha."

Sindinafunsenso. M'maso mwanga ndinkaona kale chibuldoza chikupinda malata anga atsopano ngati mapepala. Ndinaimbira kalipentala wa ku Old Town kuti abwere ndi anzake msanga adzasasule denga la boys' quarter ija.

"Bambo a Tadala, mwafunsa bwino?" anatero akazi anga. "Kumwambaku kwada."

"Ndamva ndi makutu angawa. Tipulumutse malata."

Apongozi tinawasamutsira pa sitting room ndi sutikesi yawo. Anangondiyang'ana. Kandege kakadutsa, ine ndinkakuwira akalipentala kuti afulumire. Maneba ena atamva anayamba kutulutsa mafiriji panja.

Lata lomaliza litangotsika, mvula inakhuthuka. Matilesi a apongozi, siling'i, thumba lawo la mtedza, zonse zinanyowa.

M'mawa mayi uja anabweranso kudzaona X wake. Ndinapita kukamuchonderera, maneba ali pambuyo panga.

"Denga ndachotsa ndekha, mayi. Chonde mutipatseko sabata tigumule bwino njerwa."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana khoma lopanda denga lija. Kenako anatsegula laputopu pa boneti ya galimoto. Panaoneka chigwa chonse, madontho okhaokha, nyumba yanga ili pomwepo. Anadina batani limodzi, nyumba zonse zinazimiririka. Anadinanso, zinabwerera.

"Timachotsa pa kompyuta, bambo."

Kenako apongozi, amene anali atafika mwakachetechete atafunda bulangeti, anasuzumira pa sikirini.

"Mwanawe," anatero kwa mayi uja, "tadina kabataniko ubwezerenso denga langa. Ukatha, uwachotse akamwiniwa."

Kuyambira pamenepo, munthu akati "timachotsa", ndimayamba ndafunsa kuti kuchotsa kuti.